Samalani ndi malata akale a asibesitosi

Mukapita ku parishi Lamulungu likubwerali, tayang'anani madenga a nyumba zakale: sukulu, chipatala, ngakhale nyumba ya abambo. Mwina muonapo malata okhuthala, otuwa ngati simenti, amene sachita dzimbiri ndiponso sasokosa mvula ikamagwa. Amenewo ndiwo malata a asibesitosi.

Asibesitosi ndi mwala wokumbidwa pansi, koma akauphwanya umasanduka timaulusi tosapsa ndi moto. N'chifukwa chake mafakitale adaukonda. Ankausakaniza ndi simenti popanga malata ndi mapaipi a madzi, ankauikanso m'mabuleki a galimoto ndi m'zovala zoteteza ku moto.

Mitundu yake yodziwika ndi itatu. Woyera, wotchedwa chrysotile, unkakumbidwa ku Zvishavane ndi ku Mashava m'dziko la Zimbabwe, kumene amuna ambiri a kwathu kuno adakagwira ntchito. Wabuluu, crocidolite, unkachokera ku Kuruman ndi ku Prieska ku South Africa, pomwe wofiirira, amosite, unkachokera ku Penge. South Africa idaletsa asibesitosi mu 2008, koma Russia, Kazakhstan ndi China akukumbabe woyera uja.

Ogulitsa amati woyerawo ndi wabwinoko. Musawamvere. Bungwe la World Health Organization lidanena poyera kuti mitundu yonse imayambitsa khansa.

Choopsa ndi fumbi lake. Timaulusi tija tikalowa m'mapapo timakakamira momwemo. Mu 1960 dokotala J.C. Wagner adaonetsa kuti anthu a kufupi ndi migodi ya wabuluu ankadwala khansa ya kachikopa kokuta mapapo, ngakhale ena amene sadalowepo mumgodi. Chomvetsa chisoni n'chakuti matendawa amaonekera patapita zaka 20, mwina 40. Munthu amatsokomola, amabanika, amaonda, ndipo achibale amangoti ndi TB.

Tsono ngati agogo anu adagwirapo ntchito ku migodi imeneyi ndipo akuvutika kupuma, kauzeni adokotala mbiri yonseyo.

Nanga denga lija? Ngati silidasweke, lisiyeni. Koma komiti ya chitukuko ikaganiza zolichotsa, musalole mmisiri kulidula ndi sowo kapena gilayinda. Malatawo athiridwe madzi, atsitsidwe athunthu, ogwira ntchito avale zotchinga pamphuno zoyenera, ndipo zovala zawo zisapite kunyumba. Zidutswa musakwirire nazo maenje a pamsewu kapena kutchingira khola la nkhuku. Funsani a zaumoyo ku khonsolo kuti akuuzeni kokazitaya.