Kuchoka pa Doko Kukafika ku Mkondezi: Chitetezo, Ulemu wa Wodwala ndi Zolemba pa Thandizo la Mwadzidzidzi ku Nkhata Bay

Thandizo la mwadzidzidzi ndi chisamaliro chimene munthu wovulala kapena wodwala mwakayakaya amalandira kuyambira pamalo pomwe vuto lamugwera mpaka atafika pachipatala chokhala ndi zipangizo zoyenera matenda ake. M'maiko ena ntchitoyi ili ndi eniake ophunzitsidwa kuyenda ndi ambulansi basi, koma m'Malawi muno imagwiridwa makamaka ndi anamwino, ma clinical officer, ma medical assistant, madalaivala a ambulansi ndi anthu odzipereka a bungwe la Malawi Red Cross Society. Boma linayamba kuyesa dongosolo la ambulansi zoitanidwa pa nambala ya 118 pamsewu wa M1, pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, ndi ndalama zochokera ku World Bank, koma Nkhata Bay ili kutali ndi chigawo chimenecho, ndipo odwala ake ena amabwera pamadzi osati pamsewu.

Wodwala wochokera ku Likoma, ku Chizumulu kapena ku Usisya amakwezedwa m'boti la injini kapena m'sitima ya MV Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Akafika padoko amanyamulidwa pamachira kukakwera ambulansi yopita kuchipatala cha boma ku Mkondezi, ndipo matenda akakula amatumizidwanso ku Mzuzu Central Hospital, mtunda wa makilomita pafupifupi 50 pamsewu wa M5 wokwera mapiri. Paulendo wotere wodwala amadutsa m'manja mwa anthu anayi kapena asanu amene sadziwana, ndipo amene anamuona koyamba kawirikawiri amatsala kutsidya. Malamulo a ntchitoyi amamveka bwino akawerengedwa ndi ulendo umenewu m'maganizo.

Lamulo loyamba, lomwe anthu ongoonerera amalitenga ngati mantha, ndi lakuti wothandiza ayambe waonetsetsa kuti iye mwini ali wotetezeka, chifukwa akavulala odwala amakhala awiri ndipo wowathandiza palibe. Padoko izi zikutanthauza kuvala jekete yoyandamitsa asanakwere boti, kusaimirira pakati pa sitima ndi khoma la doko, komanso kuyamba waponyera chingwe kapena chigubu chotseka kwa munthu amene akumira m'malo molumphira m'madzi, popeza womira amagwira mwamphamvu chilichonse chomwe chamuyandikira. Mphepo ya mwera, imene imakuntha kuchokera kummwera m'miyezi yozizira, imasintha nyanja m'kanthawi kochepa, ndipo mbiri ya MV Vipya, yomwe inamira pa 30 July 1946 kufupi ndi Chitimba n'kupha anthu 145, imakumbutsa kuti chigamulo cha woyendetsa boti chakuti ulendo udikire si chinthu choti namwino achitsutse. Womira akavuulidwa, mwambo womuzondotsa kuti madzi atuluke umangotaya nthawi. Chimene akusowa ndi mpweya, choncho amapumiridwa m'kamwa kasanu, kenako amapsinjidwa pachifuwa maulendo 30 ndi kupumiridwa kawiri, mobwerezabwereza.

Ngozi ina ndi yosaoneka ndi maso. Magazi ndi madzi ena a m'thupi amatha kukhala ndi kachilombo ka HIV kapena ka matenda a chiwindi, n'chifukwa chake wodwala aliyense amagwiridwa ndi magolovesi posatengera maonekedwe ake. Wogwira ntchito amene wabayidwa ndi singano yogwiritsidwa kale ntchito ayenera kuyamba mankhwala oteteza otchedwa PEP maola 72 asanathe, ndi kuwamwa masiku 28. Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu March 2022, n'kufika m'madera a m'mphepete mwa nyanja ku Nkhata Bay chaka chomwecho, unapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse, ndipo unaphunzitsa kuti machira ndi ambulansi zimatha kufalitsa matenda zikapanda kutsukidwa. Klorini amasungunulidwa m'madzi mosiyana malinga ndi ntchito: 0.05 peresenti posamba m'manja, 0.2 peresenti potsuka machira ndi m'kati mwa galimoto, ndi 2 peresenti pa masanzi, chimbudzi ndi mitembo.

Maziko a ulemu wa wodwala ali m'Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994, momwe gawo 19 limateteza ulemu wa munthu ndipo gawo 21 limateteza chinsinsi chake. Munthu wamkulu amene ali ndi nzeru zake ayenera kuuzidwa chimene akufuna kumuchita ndi chifukwa chake, m'chiyankhulo chimene akumva, chomwe m'dera lino nthawi zambiri chimakhala Chitonga, ndipo ali ndi ufulu wokana ngakhale kukanako kukuoneka kopanda nzeru. Mwana amavomerezedwa ndi kholo kapena womuyang'anira, pomwe munthu wokomoka amathandizidwa popanda kudikira achibale, poganizira kuti akanakhala maso akanafuna kupulumutsidwa. Chovuta kwambiri padoko ndi chinsinsi, chifukwa tsiku la Ilala pamadzaza ogulitsa nsomba, onyamula katundu ndi apaulendo, ndipo mafoni amatuluka m'matumba ambulansi isanafike. Chitenje chogwiridwa ndi anthu awiri chimakwanira kutchinga wodwala, koma pakamwa pa wothandiza palibe chotchingira china kupatula mwambo wa ntchito; lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula za momwe magazi a munthu alili popanda chilolezo chake, ndipo kujambula wovulala n'kutumiza pa WhatsApp n'kumulakwira ngakhale wojambulayo atanena kuti amafuna kudziwitsa abale.

Ovulala akachuluka, monga pamene boti lagubuduka, chilungamo sichitanthauza kuyamba ndi amene wafika msanga, kapena amene akulira mokweza, kapena wodziwika m'tauni. Odwala amasankhidwa potsata kukula kwa vuto, ndipo njira ya ETAT, imene inakulira ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre pansi pa Elizabeth Molyneux ndi anzake, n'kufalitsidwa ndi World Health Organization mu 2005 kuti ithandize ana, imawaika m'magulu atatu: ofunika thandizo pompopompo, ofunika kuonedwa mwachangu, ndi amene angathe kudikira pamzere.

Pa zonsezi, gawo limene limanyozeka kwambiri ndi kulemba, chikhalirecho pepala ndilo lokha limene limayenda ndi wodwala kuchoka pachilumba mpaka ku Mzuzu. Zolembedwazo zimalowa m'malo atatu: buku la kuchipatala limene wodwala amasunga yekha, kalata yotumizira wodwala kuchipatala china, ndi kaundula wotsala pachipatala. Chofunika kuposa zina zonse ndi nthawi, yolembedwa ndi ola ndi mphindi zake: pamene ngozi inachitika, pamene wodwala anaonedwa, pamene dripi inaikidwa, pamene nsalu yoletsa magazi inamangidwa pamwendo. Dokotala wa ku Mzuzu akaona kuti mtima ukugunda maulendo 120 pamphindi sangadziwe ngati wodwala akupeza bwino kapena akutha, pokhapokha ataona kuti maola atatu apitawo unkagunda maulendo 90 kapena 140. Nambala imodzi simanena kumene thupi likulowera. Mofanana ndi zimenezi, mankhwala operekedwa koma osalembedwa amatha kuperekedwanso kachiwiri, zomwe n'zoopsa makamaka kwa mayi woyembekezera amene wabayidwa kale magnesium sulphate chifukwa cha kukomoka.

Wolemba amasiyanitsa zimene waona ndi maso ake ndi zimene wauzidwa. Kulemba kuti wodwala waledzera ndi chiweruzo chimene chingachititse wolandira kunyozera bala la m'mutu. Kulemba kuti mpweya wake ukununkha mowa ndipo akuyankha pokhapokha akatsinidwa ndi umboni umene wina angaugwiritse ntchito. Pakachitika cholakwika, mawu amadulidwa ndi mzere umodzi kuti awerengekebe, ndipo wokonzayo amasainira pambali, pakuti tsamba lofufutidwa kapena long'ambidwa limakayikitsa zonse zolembedwa pamenepo. Wodwala akakana thandizo, zimene anauzidwa ndi yankho lake zimalembedwa pamaso pa mboni. Kupereka wodwala nakonso kuli ndi mwambo wake: wobweretsa sachoka asanafotokoze pakamwa kwa wolandira, dzina la wolandirayo n'kulowa papepala.

Mapepala amenewa amagwiranso ntchito kunja kwa chipatala. Wodwala mmodzi yekha woganiziridwa kolera amanenedwa msangamsanga ku ofesi ya zaumoyo ya boma, imfa ya mayi pa uchembere imafufuzidwa pogwiritsa ntchito zolembazo, ndipo pa milandu ya kuvulazana kapena kugwirira khoti limadalira lipoti la chipatala. Nzika imene ikuona kuti sinasamalidwe bwino ingathe kudandaula kwa ombudsman wa pachipatala, ofesi imene inakhazikitsidwa m'zipatala za boma mu 2018, kapena ku Medical Council of Malawi, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987 ndipo imayang'anira madokotala, ma clinical officer ndi ma medical assistant, kapenanso ku Nurses and Midwives Council of Malawi ngati nkhaniyo ikukhudza namwino kapena mzamba. Mabungwewa ali ndi mphamvu yochenjeza, kuimitsa kapena kuchotsa munthu m'kaundula wa ololedwa kugwira ntchito, ndipo pofufuza amayamba ndi kuitanitsa mapepala. Pa chifukwa chimenechi wodikirira wodwala amachita bwino kukulunga buku la kuchipatala ndi kalata yotumizira m'jumbo ya pulasitiki asanakwere boti, chifukwa inki ikanyowa ndi mafunde, mbiri ya maola asanu ndi limodzi imafika ku Mkondezi yosawerengeka.