Maphunziro a netiweki zolumikizana nthawi yomweyo ku Blantyre

Netiweki zolumikizana nthawi yomweyo ndi njira zotumizira mawu, zithunzi zoyenda kapena malamulo a makina zimene zimafuna kuti uthenga ufike pa nthawi yake, apo ayi ulibenso ntchito. Zitsanzo zake ndi kuimba foni, kulankhulana pa WhatsApp mukuonana, kuphunzira pa Zoom komanso kutumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money. Mu mzinda wa Blantyre phunziro la netiweki zoterezi limapezeka makamaka ku Malawi University of Business and Applied Sciences, yomwe mwachidule imatchedwa MUBAS. Ophunzira amaliphunzira pomvera aphunzitsi m'kalasi, komanso powerenga zimene akatswiri ena anafufuza, kuyesa okha, ndi kulemba zimene apeza.

Tanthauzo lake

Uthenga wa pa intaneti suyenda wathunthu. Umadulidwa m'tizidutswa totchedwa mapaketi, ndipo paketi iliyonse imadutsa m'makina ambiri isanafike kumene ikupita. Munthu akatumiza imelo kapena chithunzi, paketi ina ikasowa panjira imatumizidwanso, ndipo wolandira sadandaula ngakhale uthengawo utachedwa ndi mphindi imodzi. Polankhula pa foni zinthu n'zosiyana. Kawirikawiri paketi imodzi imanyamula mawu a mamilisekondi 20, kutanthauza mapaketi 50 pa sekondi iliyonse. Paketi yofika mochedwa imatayidwa, chifukwa wolankhulayo amakhala atapita kale pa liwu lina.

Pali zinthu zitatu zimene ophunzira amayeza kawirikawiri. Choyamba ndi nthawi imene paketi imatenga panjira, imene pa Chingerezi amati latency. Chachiwiri ndi kusinthasintha kwa nthawiyo, pamene mapaketi ena afika msanga ena mochedwa, kumene amati jitter. Chachitatu ndi kuchuluka kwa mapaketi otayika. Bungwe loona za mauthenga padziko lonse la International Telecommunication Union, mu malangizo ake otchedwa G.114, limati mawu akamatenga mamilisekondi osapitirira 150 kuchoka kwa wolankhula kufika kwa womvera, anthu ambiri saona vuto lililonse. Akapitirira 400, kukambirana kumavuta: anthu awiri amayamba kulankhula nthawi imodzi, kenako onse n'kukhala chete kudikirana.

Malamulo oyendetsera mapaketi amasiyananso. TCP, yomwe inalembedwa mu 1981, imatsimikiza kuti paketi iliyonse yafika, ndipo ikasowa imaitumizanso. UDP ya mu 1980 imangotumiza osadikira yankho, n'chifukwa chake mawu ndi mavidiyo a nthawi yomweyo amakonda kudutsa pa iyo. Pamwamba pa UDP pamakhala RTP, yomwe inatuluka mu 1996 n'kukonzedwanso mu 2003. RTP imaika nambala ndi nthawi pa paketi iliyonse kuti wolandira athe kusanja mapaketi m'ndondomeko yake.

Kumene phunziroli limapezeka

MUBAS ili m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere, pakati pa Ginnery Corner ndi Chichiri. Inayamba mu 1965 ndipo kwa zaka zambiri inkadziwika ndi dzina loti The Polytechnic, kapena Poly, pamene inali nthambi ya University of Malawi. Inakhala yunivesite yoima payokha mu 2021. Pasukuluyi pali digiri ya uinjiniya wa zamagetsi ndi mauthenga, imene imatenga zaka zisanu, komanso madigiri ena a zamakompyuta. Wofuna kulowa ku yunivesite ya boma amafunika satifiketi ya MSCE yokhala ndi makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pa uinjiniya amayang'ananso kwambiri masamu ndi fizikisi.

Zaka zoyambirira wophunzira amatanganidwa ndi masamu, zamagetsi ndi kulemba mapulogalamu a kompyuta. Za netiweki zimabwera pambuyo pake. M'chaka chomaliza wophunzira amachita pulojekiti yakeyake moyang'aniridwa ndi mphunzitsi, n'kuilemba ngati lipoti la kafukufuku. Kunja kwa Blantyre maphunziro ofanana nawo amapezeka ku Malawi University of Science and Technology ku Thyolo, ku University of Malawi ku Zomba ndi ku Mzuzu University.

Kuwerenga kafukufuku

Mabuku a m'kalasi amafotokoza maziko, koma zatsopano zimayamba kutuluka m'mapepala a kafukufuku zisanalowe m'mabuku. Mapepala ambiri a za netiweki amasindikizidwa ndi mabungwe a IEEE ndi ACM. Malamulo a intaneti enieniwo amalembedwa m'zikalata zotchedwa RFC, zimene aliyense angathe kuwerenga kwaulere. Mwachitsanzo, RTP yafotokozedwa mu RFC 3550. Mapepala ambiri a m'magazini a akatswiri ndi olipira, choncho malaibulale a m'Malawi anapanga mgwirizano wotchedwa MALICO mu 2003 kuti azilipira pamodzi.

Pepala la kafukufuku siliwerengedwa ngati nthano, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Njira imene aphunzitsi ambiri amalimbikitsa ndi imene Srinivasan Keshav analemba mu 2007, yowerenga pepala katatu. Ulendo woyamba wowerenga amaona mutu, chidule, mitu ing'onoing'ono ndi mawu omaliza kuti adziwe ngati pepalalo likukhudza funso lake. Ulendo wachiwiri amawerenga mofatsa, n'kuyang'anitsitsa zithunzi ndi manambala. Ulendo wachitatu amadzifunsa ngati iye mwini angathe kubwereza kafukufukuyo n'kupeza zofanana.

Pa ulendo wachitatuwu ndi pamene wophunzira wa ku Blantyre amakumana ndi funso lalikulu la phunziroli. Mapepala ambiri analembedwa ku Ulaya, ku America kapena ku Asia, ndipo olembawo amatenga zinthu zina ngati zosafunika kuzitchula: kuti magetsi sazima, kuti seva ili pafupi, kuti wogwiritsa ntchito sawerengera bandulo. Njira imene inayenda bwino kumeneko ikhoza kulephera ku Bangwe, ngakhale masamu ake ali olondola. Choncho wowerenga amafunika kufunsa kuti kafukufukuyo anachitikira kuti, pa netiweki yotani, komanso kuti ndi ziti mwa zimene olembawo anadalira zimene sizipezeka kuno.

Mtunda ndi njira za mapaketi

China chimene chimachedwetsa mapaketi ndi mtunda, ndipo palibe makina amene angauchotse. M'chingwe cha faiba kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, kutanthauza mamilisekondi 5 pa makilomita 1,000 alionse. Dziko la Malawi lilibe nyanja yamchere, choncho limafika pa zingwe za pansi pa nyanja kudzera m'mayiko oyandikana nawo monga Mozambique ndi Tanzania. Chingwe cha SEACOM chinayamba kugwira ntchito mu 2009, ndipo cha EASSy mu 2010. Zingwezi zisanabwere dzikoli linkadalira masetilaiti amene ali pa mtunda wa makilomita 35,786 kumwamba. Kukwera ndi kutsika kokha kumatenga mamilisekondi pafupifupi 240, kuposa kale 150 aja.

Njira imene paketi imadutsa ilinso ndi ntchito. Munthu wa ku Chilomoni akamalankhula ndi mnzake wa ku Machinjiri, mapaketi awo akhoza kukazungulira pa seva ya ku Johannesburg kapena London asanabwerere ku Blantyre. Pofuna kuchepetsa kuzungulira kotereku, makampani a intaneti anakhazikitsa malo okumanirana netiweki zawo otchedwa Malawi Internet Exchange mu 2008, ku College of Medicine mu mzinda womwewu. Kudalira zingwe zakunja kunaonekera poyera pa 12 May 2024, pamene zingwe za EASSy ndi SEACOM zinaduka panyanja ndipo intaneti inavuta m'mayiko angapo a kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo Malawi.

Kuyesa m'makomboni a Blantyre

Blantyre ndi mzinda wa mapiri. Ndirande ili m'munsi mwa phiri la Ndirande, Zingwangwa ili m'munsi mwa Soche, Chilomoni yayandikana ndi Michiru, ndipo Bangwe ili kufupi ndi Mpingwe. Mapiri amathandiza chifukwa nsanja yoikidwa pamwamba imafika kutali, koma amatchinganso nyumba za m'zigwa ndi za kuseri. M'madera odzaza anthu ngati Ndirande nsanja imodzi imagawidwa kwa anthu ambiri. Onse akamaigwiritsa ntchito nthawi imodzi, mapaketi amaima pamzere kudikira mpata, ndipo kuchedwa ndi kusinthasintha kumakwera ngakhale foni ikusonyeza kuti netiweki yadzaza.

Ophunzira ambiri a ku MUBAS amachita lendi kunja kwa sukulu, m'madera ngati Zingwangwa, Chitawira ndi Ndirande, kotero malo oyesera ali pakhomo pawo pomwe. Zida zake zambiri n'zaulere. Pulogalamu ya ping imayeza nthawi imene paketi imatenga kupita ndi kubwerera, traceroute imaonetsa makina amene paketiyo yadutsamo, iperf imayeza liwiro, ndipo Wireshark imaonetsa mapaketi enieniwo. Ngati palibe ndalama zogulira zida, wophunzira amamanga netiweki yoyerekezera m'kompyuta pogwiritsa ntchito ns-3.

Kuyeza kamodzi sikukwanira. Wofufuza amabwereza kangapo, m'mawa, masana ndi usiku, pa masiku osiyanasiyana, n'kulemba malo, mtundu wa foni, ndiponso ngati magetsi analipo. Amapewanso kudalira avereji yokha. Pa mapaketi 100, ngati 95 afika msanga koma 5 achedwa kwambiri, avereji imaoneka yabwino pamene womvera akumva mawu odukaduka.

Kufunika kwa nkhaniyi kunaoneka mu March 2020, pamene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19 ndipo maphunziro ena anayamba kuchitikira pa intaneti. Kunaonekanso mu March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula nyumba ku Chilobwe, Ndirande ndi madera ena a mzindawu, magetsi n'kuzima kwa masiku angapo. Pa nthawi ngati imeneyo foni yolephera kulowa imachedwetsa thandizo kwa anthu amene ali pangozi.

Kafukufuku amene anachitika m'Malawi

Ophunzira ali ndi zitsanzo za kwawo zoti awerenge. Cha m'ma 2008 akatswiri a College of Medicine, mothandizana ndi bungwe la ICTP la ku Trieste m'dziko la Italy, analumikiza Blantyre ndi Mangochi popanda chingwe, kudzera pa phiri la Mpingwe ndi phiri la Zomba, n'cholinga chothandiza ntchito za chipatala. Mu 2013 gulu la ku Chancellor College lotsogozedwa ndi Dr Chomora Mikeka, mogwirizana ndi bungwe loyang'anira za mauthenga la MACRA komanso ICTP, linayesa kutumiza intaneti pa mafunde a wailesi yakanema amene sakugwiritsidwa ntchito, m'boma la Zomba. Ntchito zonse ziwirizi zinalembedwa m'mapepala a kafukufuku amene akatswiri a mayiko ena amawerenga.

Kulemba

Lipoti la kafukufuku limatsata ndondomeko yodziwika: chidule, mawu oyamba ofotokoza vuto, zimene ena analemba kale, njira imene wofufuza anatsata, zimene anapeza, tanthauzo lake, ndi mawu omaliza. Gawo la zimene ena analemba si mndandanda wa mayina chabe. Wolemba amasonyeza pamene ofufuza akugwirizana, pamene akutsutsana, ndi mpata umene watsala woti iye afufuze. Gawo la njira liyenera kulembedwa momveka kotero kuti wophunzira wina atha kupita pamalo omwewo ndi zida zomwezo n'kutsimikiza kapena kutsutsa zotsatirazo.

Mawu kapena maganizo a munthu wina amafunika kutchula mwini wake. Kukopera osatchula ndi mlandu pa malamulo a mayunivesite, ndipo kukhoza kulepheretsa wophunzira kulandira digiri. Wolemba amafunikanso kunena malire a ntchito yake. Zimene wayeza pa nyumba imodzi ku Machinjiri kwa sabata imodzi sizikuimira Blantyre yonse, ndipo sizikwanira kuweruza kuti kampani iyi ikuposa inzake.

Mavuto

Mavuto amene ophunzira amakumana nawo ndi monga kukwera mtengo kwa bandulo ndi laputopu, kuzimazima kwa magetsi, ndi kuchepa kwa zida za m'labu. Lina ndi chilankhulo. Mapepala onse ali m'Chingerezi cha akatswiri, ndipo mawu ambiri a phunziroli alibe matanthauzo okhazikika m'Chichewa, zimene zimavuta pofotokozera anthu a m'dera zimene kafukufuku wapeza. Pa nkhani ya intaneti ya m'masukulu, mayunivesite amathandizidwa ndi bungwe la MAREN, lomwe ndi membala wa UbuntuNet Alliance, mgwirizano wa netiweki za maphunziro za kum'mawa ndi kummwera kwa Africa umene likulu lake lili ku Lilongwe. Omaliza maphunzirowa amagwira ntchito m'makampani a mafoni monga TNM ndi Airtel, ku MACRA, ku ESCOM, m'mabanki ndi m'makampani a intaneti, ndipo ena amapitiriza maphunziro n'kukhala aphunzitsi ndi ofufuza.