Diva imadya CPU, Dexed ni ya mahala: synth iti ikwana laputopu yanu?

Mwamanga beat kuyambila m'mawa. Woimba wafika, session walipila kale, waimilila pa mic. Mutsegula plugin imodzi chabe kuti muikeko ma chords, mudina play, basi ma speaker ayamba kuthetheka monga malasha pa mbaula. Ka CPU meter ka FL Studio kafika kumwamba, ndipo woimba akuyang'anani monga mwamudyela ndalama.

Musathamangile ku town kukafunsa mtengo wa laputopu ina. Nthawi zambili nkhani ili pa synth yamene mwasankha.

Ma plugin ambili amene ba producer akonda ni makope a ma keyboard akale, ndipo ma keyboard aja ali mitundu iwili. Kuli a analog monga Minimoog ya 1970, Prophet-5 ya 1978 na Juno-60 ya 1982, amene sound yake imapangidwa na magetsi oyenda mu tuzitsulo twa mukati. Kuli na a digital monga Yamaha DX7 ya 1983 na Korg M1 ya 1988, amene anali kale tumakompyuta tovala ma key. Kukopela wa digital ni nchito yopepuka, kaili masamu amene chip ya 1983 inali kuchita, laputopu yanu ingachite olo ili mtulo. Koma kukopela wa analog, kompyuta ifunika kuwelengela mwamene magetsi ayendela mu filter, nthawi 44,100 pa second imodzi kapena kupitilila apo, pa note iliyonse yamene mwadina. Apa ndiye CPU imathela.

Tiyambe na opepuka. Dexed ni kope la DX7, ni ya mahala, ndipo imatsegula mafayilo enieni a DX7, ma sound 32 mu fayilo imodzi. Ija piano yowala monga galasi yamene mumamvela mu nyimbo zachikondi za ma 80s, na mu gospel yapang'onopang'ono mpaka lelo, ni E.PIANO 1 ya DX7. Mungatsegule ma Dexed angapo, meter siizagwedezeka maningi. Vuto yake ni nkhope: ma knob ambilimbili, ndipo kupanga sound yanuyanu mu FM kumazunguza mutu. Ambili amangosankha preset, ndipo palibe mlandu. Olo log drum ya amapiano, yamene yagwedeza ma bar kuchokela ku Pretoria mpaka ku Kabwata, ba producer anaitenga mu Fruity DX10, ka FM synth kang'ono ka mu FL Studio. Sound yaikulu, CPU pang'ono.

M1 ya pa kompyuta ni ya Korg eni ake ndipo ni yogula, koma nayo ni yopepuka. Ma sound onse a keyboard ija anali kukwana mu 4MB, pafupifupi nyimbo imodzi ya mp3 mu foni yanu. Ngati mufuna ija organ bass na piano ya house yakale, kope na keyboard yeniyeni ni monga mapasa.

Manje tibwele kuli Diva, yopangidwa na u-he ya ku Berlin, inatuluka mu 2011. Iyi siikopela keyboard imodzi. Imakupatsani zigawo zotengela Minimoog, Jupiter, Juno na Korg MS-20 kuti musakanize mwekha. Nikuuzeni zoona, imalila bwino. Ikani bass, kwezani resonance, muyambe kutsegula filter pang'onopang'ono: sound imanenepa, imalila mosalala, ilibe kuja kuuma kwa ma plugin otchipa. Mng'ono wake Repro-5, kope la Prophet-5, nayo ni chimodzimodzi, yokoma koma yadyela. Chord ya ma note asanu ni ma synth asanu olila pamodzi, ndipo ngati release ni yaitali, chord yoyamba ikalibe kutha yachiwili yalowa kale. Apo ni khumi. Laputopu ya Core i3 yamene munagula ya second hand iyamba kupuma monga minibus pa chitunda.

Pakati pali TAL-U-NO-LX, kope la Juno-60. Kwa ine, iyi ndiye yoyenela studio ya mu komboni: ma pad na chorus yake ni okoma, mtengo uli pansi kuyelekeza na Diva, ndipo CPU siidandaula. Ngati thumba lakana, chorus yokha ilipo ya mahala, TAL-Chorus-LX. Muiike pa Synth1, ka synth ka mahala ka Ichiro Toda wa ku Japan kotengela Nord Lead 2, mumvele mwamene ka plugin ka 2002 kamasinthila. Nkhope yake ni yoipa monga calculator, koma kamayenda pa kompyuta iliyonse. Za Arturia ya ku France, monga Mini V na Jup-8 V, ni zokongola na ma preset ambili, koma ma version atsopano ni olemela kuposa akale, ndipo zimadya malo pa disk na ma bundle pozichita download.

Funso yamene mufunika kuzifunsa ni iyi: sound iyi izamvekela kuti? Ngati ni bass kapena lead yamene ili yokha mu intro, kusiyana kwa Diva na Synth1 mungakumvele olo pa ma headphone a pa msika. Koma pad yamene ili pansi pa ma drum, log drum na mavesi atatu, yolila pa ka Bluetooth speaker ku barbershop, palibe amene azakuuzani kuti iyi ni Repro-5. CPU yanu muipatse sound imodzi yamene inyamula nyimbo, zinazo zikhale zopepuka.

Ndipo Diva nayo imanyengeleleka. Pa Accuracy pali draft, fast, great na divine. Sebenzelani pa draft kapena fast, OfflineAcc muike pa best, kuti sound yabwino ituluke pa export chabe. Yatsani Multicore, chepetsani ma voice, fupikitsani release. Part ikakhala bwino, ichiteni render ikhale audio, plugin muizime. Mu FL Studio yatsani Smart disable, ndipo pochita mix kwezani buffer. Pa 512 kuchedwa kuli pafupifupi 12 ms, pa 1024 ni 23 ms. Pojambula woimba kuchedwa uku kumasokoneza, koma pa mix kulibe kanthu.

Malaiti akayenda, Windows imachepetsa mphamvu ya CPU kuti battery ikhalitse, ndiye project yamene inali bwino m'mawa iyamba kuthetheka madzulo. Sinthani power mode ikhale pa best performance, koma muzibe kuti battery izatha msanga. Na laputopu muichotse pa matilesi, maka-maka mu October, kaili ikapsa imazichedwetsa yokha.

Za ma crack a pa flash ya mnzanu, muziba kale mwamene ma virus amabwelela, ndipo ma project a makasitomala ali pa disk imodzimodziyo. Yesani demo poyamba. Chenjezo chabe: demo ya Diva imathetheka dala pakapita kanthawi, ni njila yao yokukumbutsani kulipila. Mukamvela malasha aja, yang'anani meter mukalibe kuitukwana laputopu.