KACIPANGIZO KOITANIRA THANDIZO M'THENGO

Nyengo ya lupsa ikafika, mlenje wa ku Zemba m'boma la Chadiza amalowa m'thengo lakutali, kumene lamya ya m'manja nthawi zina sigwira. Akalumidwa ndi njoka kumeneko, uthenga umafika kumudzi ndi miyendo basi.

Tsopano kuli kacipangizo ka m'manja, monga Garmin inReach, kogwira nchito ziwiri. Yoyamba ndiyo GPS, yosonyeza pamene munthu waima. Yaciwiri ndiyo kutumiza uthenga kupyolera m'masetilaiti 66 a Iridium, ngakhale kopanda netiweki.

Koma wofuna kugula ayambe waganiza bwino. Lamya zambiri zamakono zili nayo kale GPS, imene sifuna netiweki kapena malipiro. Cacilendo m'kacipangizoka ndi uthengawo, umene ulipiridwa mwezi ndi mwezi, kuwonjezera pa mtengo wogulira wa madola mazana angapo. Ndiponso kamafuna poyera, pooneka thambo, pakuti m'nkhalango yowirira uthenga umacedwa.

Mlenje akadina batani la SOS, uthenga umayamba wafika ku ofesi ya kunja kwa dziko, ndipo a kumeneko ndiwo amadziwitsa a kuno. Okanyamula wovulalayo adzakhalabe abale ake. Cotero nkwanzeru kusonkherana kamodzi pagulu, ndi kupangana ndi wina wa lamya kumudzi wolandira uthenga. Mutu umodzi susenza denga.

Alenje akumbukirenso kuti, mwa lamulo la nyama zakuthengo la 2015, kusaka nyama popanda laisensi ndi mlandu.