Kodi Ukali ndi wa Amuna, Kufatsa ndi kwa Akazi?

Mawu athu lero achokera pa Tito 2:1-8.

Kuno ku Msoro mnyamata akamenya mnzake timangoti, "Msiyeni, ndi mwamuna." Mtsikana akakhala duu pakona timamuyamikira kuti ndi waulemu, osafunsa ngati ndi ulemu kapena mantha. Agogo akamakalipa tsiku lonse timati ndi ukalamba. Kodi n'zoonadi kuti msinkhu ndi kukhala mwamuna kapena mkazi ndizo zimaumba mtima wa munthu?

Zaka zimene ndinagwira choko zinandionetsa kuti mwana aliyense amabwera ndi chibadwa chake. Tsiku loyamba la Giredi 1, wina amalowa akuseka, wina amalira mpaka masana, wina amaima pakhomo sabata yonse kuonerera kaye. Mu 1956 madokotala awiri a ku New York, Alexander Thomas ndi Stella Chess, anayamba kutsatira ana kuyambira ali makanda, ndipo anapeza mitundu yomweyi: osavuta, ovuta, ndi ochedwa kuzolowera. M'kalasi mwanga mtundu uliwonse unali ndi anyamata ndi atsikana omwe. Esau ndi Yakobo anali mapasa, onse amuna, koma wina wa m'tchire, wina wa pakhomo. Marita ndi Mariya nawonso, onse akazi a nyumba imodzi, mitima yosiyana.

Sindikukana kuti kusiyana kulipo. Ofufuza m'maiko ambiri amapeza kuti, powerengera anthu ochuluka pamodzi, akazi amaposa pang'ono pa chifundo ndiponso pa kuda nkhawa, pamene amuna amaposa pang'ono pa kudziika patsogolo ndi kuchita zinthu zoika moyo pachiswe. Koma kusiyana pakati pa amuna okhaokha n'kwakukulu kuposa pamenepo. Njovu zikabwera m'minda usiku, kodi simunaonepo mayi wamasiye akuimba chitini yekha, mwamuna wina atadzitsekera m'nyumba? Ndipo mwana amene timamuuza tsiku ndi tsiku kuti mwamuna salira, chisoni chakecho chimapita kuti? Kawirikawiri chimakatulukira m'nkhonya, ndipo amene amazilandira ndi mkazi wake.

Za msinkhu, ofufuza omwewo amagwirizana ndi zimene makolo athu ankaona: anthu ambiri akamakula mtima umakhazikika, amadalirika pa ntchito, amalolerana ndi anzawo. Ukwati, ana ndi munda zimaphunzitsa. Chibadwa sichichoka ayi, chimangowetedwa. Taonani Yohane. Ali mnyamata, iye ndi mbale wake anafuna kuitanitsa moto kuti upsereze mudzi wa Asamariya (Luka 9:54). Mpingo umakhulupirira kuti ndi Yohane yemweyo amene atakalamba analemba kalata yodzaza ndi chikondi, koma muiwerenge bwino: motowo ukadalimo, tsopano ukuyaka potsutsa bodza.

Komabe imvi pazokha sizisintha munthu. Ine wa zaka zopitirira 60 ndikudziwa kuti ukali wa paunyamata, ukapanda kulapidwa, umangosanduka kunyinyirika kwa paukalamba. Ndiponso nzeru siyembekezera imvi. Bambo Leonard Kamungu anafika pano mu 1910, namwalira mu 1913 asanakwanitse zaka 40, ndipo pa maziko awo mpamene tikupempherera lero.

Tsopano bwererani kwa Tito. Paulo akulankhula ndi magulu anayi: amuna okalamba, akazi okalamba, akazi achitsikana ndi anyamata. Gulu lililonse lili ndi malangizo ake, chifukwa mayesero ake ndi osiyana. Koma chinthu chimodzi chikubwerezedwa, ndicho kudziletsa. Palibe amene wapatsidwa chilolezo cha ukali chifukwa ndi mwamuna, kapena cha lilime lakuthwa chifukwa ndi wokalamba. Akazi okalamba akuchenjezedwa za miseche ndi zakumwa, zimene ife timaganiza kuti ndi za ena.

Tipemphere. Ambuye, Inu amene munatiumba aliyense ndi chibadwa chake, tipatseni Mzimu wanu kuti awete mitima yathu, ya ana ndi ya akulu, ya amuna ndi ya akazi. Amen.