Kuyerekeza mafayilo pakati pa nthambi mu Git

Kuyerekeza mafayilo pakati pa nthambi ndi njira yoonera kusiyana kwa mafayilo amene asinthidwa mosiyana m'nthambi ziwiri za ntchito imodzi. Kumachitika kwambiri mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya mafayilo imene Linus Torvalds analemba mu 2005. Nthambi ndi ntchito imene yapatuka pa ntchito yaikulu kuti munthu ayese zatsopano popanda kuwononga zimene zikuyenda bwino kale. Zotsatira za kuyerekezaku zimatchedwa diff, dzina lochokera ku pulogalamu ya Unix imene inalembedwa ku Bell Labs m'zaka za m'ma 1970.

Mmene zimaonekera

Mapulogalamu ngati GitHub Desktop, Sourcetree ndi TortoiseGit amathandiza munthu kuyerekeza popanda kulemba malamulo. Nthawi zambiri mizere yochotsedwa imaoneka yofiira ndipo yowonjezedwa imaoneka yobiriwira. Git imayerekeza mzere ndi mzere, choncho kusintha chilembo chimodzi kumawerengedwa ngati kuchotsa mzere wakale n'kuika watsopano.

Mu Sourcetree muli lamulo la Diff Against Current limene limaonetsa kusiyana konse nthawi imodzi. Mu GitHub Desktop, Compare to Branch imaonetsa mndandanda wa ma commit amene nthambi ina ili nawo koma inzake ilibe, ndipo munthu amatsegula limodzi ndi limodzi. Wofuna kuona zonse pamodzi amagwiritsa ntchito Preview Pull Request.

Poyambira kuyerekeza

Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti kuyerekeza kulipo kwa mitundu iwiri. Lamulo la git diff main..test, la timadontho tiwiri, limayerekeza nthambi ziwirizo mmene zilili panopa. La timadontho titatu, git diff main...test, limayambira pamene nthambizo zinapatukana, n'kuonetsa zokhazo zimene zachitika mu test. Pull request ya pa GitHub imatsatira njira yachiwiriyi.

Mwachitsanzo, ngati wina wawonjezera fayilo mu main nthambi ya test itapatuka kale, njira ya timadontho tiwiri imaonetsa ngati test yafufuta fayiloyo, chonsecho palibe amene anaikhudza. Wosadziwa akhoza kuyamba kukonza chinthu chimene sichinawonongeke, kapena kuimba mlandu mnzake wosalakwa.

Zovuta zina

Windows imamaliza mzere ndi zizindikiro ziwiri, CR ndi LF, pamene Linux ndi macOS zimagwiritsa ntchito LF yokha. Fayilo ikasungidwa mwa njira inayo, mizere yonse imaoneka ngati yasintha, ndipo kusintha kwenikweni kumabisika m'kati mwake. Mafayilo amene si mawu wamba, monga a Microsoft Word, Git siitha kuwayerekeza mzere ndi mzere pokhapokha itapatsidwa pulogalamu ina yowasandutsa mawu; imangonena kuti asiyana. Zithunzi zokha GitHub Desktop imatha kuziika pambali ndi pambali kapena kuzisanjikiza.