Nkhalamba Yoiwala Si Mfiti

M'midzi ya ku Madziabango, Chileka ndi Lirangwe, monganso kwina konse m'boma la Blantyre, imamveka nthawi zina nkhani yotere: m'mamawa anthu apeza mai wokalamba ali khale pakhonde la eni, nsalu yosamanga bwino, ndipo pomfunsa kumene wachokera sayankha zomveka. Dzuwa lisanakwere mbiri yafika kale kumjigo yakuti wagwa m'lichero usiku. Tsono tifuna kufotokozera owerenga athu, makamaka aphunzitsi ndi anyakwawa, chimene chimachitika m'mutu mwa munthu wotere.

Ubongo umakalamba monga momwe amakalambira maondo ndi maso. Kwa anthu ambiri ukalamba umangochedwetsa kukumbukira: dzina la mnansi limathawa, koma pakapita kanthawi limabwerera. Koma kwa ena pali nthenda imene madokotala amaitcha dementia, pamene tizigawo ting'onoting'ono ta ubongo timafa pang'onopang'ono kwa zaka zingapo. Mtundu wake wofala koposa anaufotokoza ndi dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, mu 1906. Mtundu wina umadza pamene mitsempha ya magazi ya mu ubongo yaonongeka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kapena sitiroko. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti anthu oposa 55 miliyoni ali ndi nthendayi. Iliko ku Ulaya, iliko ku Japan, motero si ya kuno kokha ai.

Zimene zimayamba kutayika ndi zatsopano. Agogo angathe kukusimbirani bwino lomwe za njala ya 1949, ndi maina a amene anapita kukasuma, koma osakumbuka kuti adya kale nsima, ndipo amadandaula kuti mpongozi akuwamana. Usana ndi usiku zimasokonekera. Amadzuka pakati pa usiku kuti apite kwao, ndipo kwao kumene akunenako ndi nyumba ya amai awo imene inagwa kalekale. Njira ikawasokonekera amangokhala pakhonde limene alipeza. Choopsa koposa nchakuti gulu likawazinga ndi kuwakalipira kuti "Ndiwe mfiti!", amavomera, pakuti ali ndi mantha ndipo funso lomwelo sakulimvetsa. Kuvomera kotere si umboni.

Tonse tikumbuka za ku Neno mu January 2016, pamene nkhalamba zinai zinaphedwa ndi anthu a kwao komwe mphenzi itapha mtsikana. Lamulo la 1911 lonena za ufiti limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lina loteteza anthu okalamba. Nyakwawa imene ilola bwalo lotere pamudzi pake idziwe kuti ikuswa lamulo.

Koma si kusokonekera konse kumene kuli dementia, ndipo apa mpofunika kupenyetsetsa. Ngati agogo anali bwinobwino dzulo ndipo lero akubwebweta, kawirikawiri pali nthenda ya m'thupi, monga malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo kapena shuga. Pitani nawo ku chipatala tsiku lomwelo, pakuti zimenezi zili ndi mankhwala ndipo nzeru zimabwerera.

Palinso nthenda ya maganizo. Taganizirani bambo amene mkazi wake anamwalira, ana ali ku Limbe kapena ku Joni, ndipo watsala ndi adzukulu amasiye ofuna chakudya ndi yunifolomu. Sagona tulo, nsima siimkoma, wasiya kupita ku tchalitchi kapena ku mzikiti, ndipo amati, "Bola kufa." Ife timangoti ndi ukalamba. Si ukalamba, ndi nthenda, ndipo imachizika ndi uphungu, nthawi zina ndi mankhwala. Mau onena za kufa musawaseke. Musamsiye yekha, ndipo uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, dokotala wina dzina lake Dixon Chibanda anaphunzitsa amai okalamba kukhala pa benchi kunja kwa chipatala ndi kumvetsera anthu olemedwa maganizo, ndipo ambiri anapeza bwino. Taonani, amene timawayesa katundu ndi omwewo anakhala ochiritsa anzao.

Chipatala chaching'ono cha ku Madziabango, cha ku Chileka ndi cha ku Lirangwe ndipo poyambira. Kumeneko amayeza kuthamanga kwa magazi, ndipo akaona kuti nkofunika amatumiza wodwala ku Gulupu. Mupemphenso kuti awaone maso ndi makutu. Nkhalamba zambiri zimene timati zasokonekera nzosamva chabe, kapena zili ndi ng'ala, imene madokotala a maso ku Gulupu amachotsa.

Dementia yeniyeni ilibe mankhwala oichiza, koma kasamalidwe kamachepetsa mavuto. Musatsutsane nawo. Akafunsa za mlongo wao amene anamwalira kale, afunseni kuti anali munthu wotani, m'malo mowaliritsa maliro kachiwiri. Apatseni kanchito kamene manja awo akudziwa, monga kutong'ola chimanga kapena kusankha nyemba, ndipo masana akhale pabwalo pamene pali anthu, kuti usiku agone. Moto ndi mankhwala a mbeu zikhale patali. Nchito yowasamala isagwere mwana wamkazi mmodzi yekha, pakuti iyenso angathe kudwala maganizo. Mwinimbumba agawe masiku.

Ndipo musabise. Pitani kwa nyakwawa lero, nthenda isanakule, kuti alengeze pa msonkhano wa mudzi, ndipo aphunzitsi auze ana m'kalasi. Sokererani pa malaya awo kansalu kolembedwa dzina la mudzi ndi nambala ya foni, kuti amene awapeze pakhonde m'mamawa awapatse phala ndi kuwaperekeza kwao.